Kudutsa m'zigwembe za phiri la Mulanje

Anthu akamva za kuopsa kwa phiri la Mulanje amathamangira kutchula Sapitwa, nsonga ija ya mamita 3,002. Koma m'njira zodutsa m'zigwembe, monga ya Chapaluka yoyambira ku Likhubula, kapena zokwera m'mbali mwa Ruo kuchokera ku minda ya tiyi ya Lujeri, chimene chimavulaza munthu ndi madzi: thanthwe lonyowa, mtsinje wodzaza, nkhungu. Ulendo wonse muukonze poganizira madziwo.

Yambani ndi kusankha nyengo. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, njira zimenezi zisiyeni. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Okutobala, ngakhale m'nyengo yozizira kumabwera chiperoni, mvula yowaza ndi nkhungu zochokera cha ku Mozambique, zomwe zimatha kukuta phiri masiku angapo. Choncho pa masiku a ulendo wanu onjezanipo limodzi lodikirira kuti kunja kuyere.

Kenako pitani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, mukalembetse mayina ndi njira yomwe mudzere, ndipo mutenge wokutsogolerani wodziwika kumeneko. Apa musaumire ndalama. Mu 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya womutsogolera n'kupitiriza yekha ku Sapitwa, ndipo anapezeka atafa. Komanso napolo yemwe anadza ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri m'phirimo, moti amene anadutsa njira kalekale sangakuuzeni mmene ilili lero. Wokutsogoleraniyo mufunseni mwaulemu: “Achimwene, njira imeneyi mwaidutsa liti komaliza?” Mtengo mugwirizane musananyamuke.

Katundu akhale wochepa, yense m'chikwama chakumsana kuti manja onse awiri akhale opanda kanthu. Nsapato zikhale zokhakhala kunsi, zoti munazizolowera kale. Tengani jekete ya mvula, juzi, tochi, machesi omanga mu jumbo, madzi, mtedza ndi mbatata yophika. Foni musaidalire, m'chigwembe netiweki imasowa. Nyamukani mbandakucha.

Mukafika pomwe njira yapanikizika, uku thanthwe uku phompho, dutsani mmodzimmodzi. Nkhope iloze kuthanthwe. Pa manja awiri ndi mapazi awiri, chisunthe chimodzi chokha, zitatuzo zili chigwirire. Muzu kapena tsinde la udzu muyambe mwalikoka pang'ono musanalipatse thupi lonse, chifukwa dothi la pathanthwe ndi losaya ndipo limazuka ndi udzu womwe. Paliponse pomwe mwala wada n'kumanyezimira pali ndere, ndipo pamaterera ngati therere. Pamenepo khalani pansi, mutsike chokhwekhwereza. Palibe cha manyazi, thalauza mukachapa. Pomwe pali makwerero amatabwa, pondani m'mphepete momwe thabwa lakhomeredwa, osati pakati, ndipo mnzanu asakwere inu musanatsikepo. Mwala ukagubuduka fuulani “Mwala!” kuti ali kumunsi abise mitu. Wina akamva chizungulire musamukakamize kapena kumuseka. Akhale pansi, ayang'ane thanthwe lomwe lili pafupi ndi maso ake mpaka mtima utakhazikika. Chithunzi jambulani mutaima pokhazikika, osati mukuyenda.

Tsopano mtsinje, pomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri. Mu 1949 Fred France, mkulu wa zankhalango yemwe phirili ankalidziwa, anakokoloka powoloka mtsinje wodzaza n'kukagwera kumathithi, ali pa ulendo ndi Laurens van der Post, yemwe anadzalemba za ngoziyi m'buku la Venture to the Interior. Phiri la Mulanje ndi thanthwe, silimwa madzi ambiri. Mvula ikagwa pamwamba, madzi amatsetserekera msangamsanga m'zigwembe, ndipo kamtsinje komwe munakadumpha m'mawa kamatha kusefukira inu muli padzuwa kumunsi. Muone zizindikiro: madzi oyera akuyamba kuda, akubwera ndi masamba ndi timitengo, mkokomo ukukula. Mukaona zimenezi chokani m'khwawa, mukwere pamtunda. Madzi othamanga akafika m'mawondo musawoloke, ngakhale nyumba yogona ikuonekera tsidya linalo. Mitsinje yotere imadzaza msanga, imaphweranso mvula ikasiya, ndiye dikirani kapena bwererani. Madzi akaphwera, sankhani potambalala, kutali ndi pomwe madzi akugwera kuphompho. Masulani lamba wa chikwama kuti mukagwa muchitaye mosavuta, nsapato musavule, yang'anani komwe madzi akuchokera, ndodo patsogolo, muziyenda cham'mbali osanyamula phazi kwambiri.

Musanayambe kukwera mugwirizane ola lobwerera, ndipo likakwana bwererani ngakhale patsala pang'ono. Nkhungu ikakutsekerani moti simukuona mnzanu ali patsogolo, imani malo amodzi, valani zofunda, musamwazikane. Wokutsogolerani akati lero sitidutsa, mawu ake ndi omaliza, ngakhale mwamulipira ndinu.

Potsika mpamene miyendo imanjenjemera ndipo maso amakhala ali kunyumba, choncho kutsikako kupatseni nthawi yokwanira, osati yotsalira madzulo. Mukafika pansi kadziwitseni a ku ofesi kuti mwatsika nonse, kuti anthu asavutike kukakusakani m'phiri.