Kompyuta Yakale Ikakana Kuyaka

Pa Migowi, ndi m'malo enanso a m'boma la Phalombe, alipo makompyuta amene anafika kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi a maiko akunja. Ena mwa iwo angokhala pakona, atafunditsidwa chitenje, ndipo eni ake anena kuti anafa. Komatu si kompyuta iliyonse yokana kuyaka imene yafa. Kawirikawiri nthenda yake ikhala yaing'ono, yoti munthu wofatsa angathe kuichiza ndi sikurudiraiva, burashi youma ndi labala wa pensulo. Ndiponso zimene zili m'kati mwake, monga malikisi a ana a sukulu, maina a alimi a m'kalabu kapena makalata ofunsira ntchito, nthawi zina n'zamtengo wapatali koposa makinawo.

Munthu asanamasule chilichonse ayenera kuyamba wadina batani loyatsira, nakhala chete kumvetsera. Kodi fani ikuzungulira? Kodi kanyali kayaka? Kodi pali kulira? Zimene amve ndi kuona pa mphindi yoyambayo ndizo zidzamuuza kumene kuli nthenda.

Ngati kompyuta ili zii, osayaka ngakhale kanyali, mlandu uli ku magetsi. Ayese soketi polumikizapo wailesi kapena chaja ya foni. Soketi ikakhala yabwino, asinthe chingwe. Pa makompyuta ambiri a padesiki chingwe cha sikirini chifanana ndi cha bokosi, kotero angathe kungosinthanitsa. M'pulagi ya mano atatu muli fyuzi, ndipo ikapsa igulidwe ina. Ena amakulunga fyuzi yakupsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Umenewo ndi mkhalidwe woipa ndithu, pakuti fyuzi anaiika kuti izipsa iyo m'malo mwa makina ndi nyumba.

Pano pali chinthu chimene aphunzitsi ayenera kuchidziwa bwino. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi a mavoti 120. Makompyuta akale ambiri ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali inayo. Kompyuta yochokera ku America ingathe kufika kaswitchiko kali pa 115, ndipo ikalumikizidwa motero kumveka kuti phu, utsi n'kutuluka. Tsono munthu wolandira kompyuta yamphatso ayang'ane kaswitchi kameneka asanachite china chilichonse, ndipo ana asaloledwe kukaseweretsa. Kabokosi kogawa magetsi kakapsa sikatsegulidwa iai, chifukwa kamasunga magetsi oopsa ngakhale chingwe chitazulidwa. Kagulidwa kena kathunthu. Chimodzimodzi sikirini yakale ija ya chimsana chachikulu.

Nthenda yachiwiri ndi iyi: fani izungulira, kanyali kayaka, koma pa sikirini pali bii. Ayambe waona chingwe cha sikirini, chija cha mutu wobiriwira ngati thambo ndi timano 15, ngati chamangika bwino ndiponso ngati palibe kadzino kopindika. Chingwe chikakhala bwino, kawirikawiri wolakwa ndi RAM, timatabwa tating'ono tobiriwira timene kompyuta isungapo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo.

Chigwa cha Phalombe chili ndi fumbi lambiri m'miyezi ya September ndi October, ndipo fani ya kompyuta ilikokera m'kati tsiku ndi tsiku. Dzinja likafika, fumbi lija limwa chinyontho n'kumata pa timano ta RAM, mwakuti magetsi sadutsanso bwino. Mphemvu ndi nyerere nazonso zikonda kufunda kwa m'bokosimo. Mankhwala ake ndi awa. Munthu azule chingwe cha magetsi, adine batani loyatsira kanthawi kuti magetsi otsala athe, kenaka atsegule chivindikiro cha pambali. Asanagwire kanthu m'kati akhudze kaye chitsulo cha bokosi, pakuti m'thupi la munthu mumakhala timagetsi, tija timathetheka povula juzi usiku, ndipo tingathe kupha kachipangizo. Akankhe timakutu tiwiri togwira RAM kumapeto kwake, aizule moigwira m'mbali, napukute timano take tagolide ndi labala kufikira tiwale. Pobwezera aone kampata kamene kali pakati pa timanoto: RAM ilowera mbali imodzi yokha, ndipo ikalowa bwino timakutu tija titseka tokha kuti kwa. Zikakhala ziwiri, ayese imodzi imodzi, chifukwa imodzi yakufa iletsa inzake yamoyo.

Fumbi lisauziridwe ndi pakamwa, poopa malovu. Pampu ya njinga, imene kuno siisowa pafupifupi m'mudzi uliwonse, igwira ntchito imeneyi bwino kwambiri, bola munthu atulutse bokosi panja ndi kugwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. Kunena za kulira, makompyuta ambiri alira kamodzi kuti pii akakhala bwino. Kulira kobwerezabwereza ndi dandaulo, ndipo tanthauzo lake lisiyana malinga ndi amene anapanga makinawo. Ndi nzeru kuwerenga kuti yalira kangati ndi kulemba papepala. Munthu akaona kuti timigolo tating'ono ta pa thabwa lalikulu tatupa pamwamba, kapena tatuluka zofiirira, aleke pomwepo. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa ku Limbe kapena ku Blantyre.

Nthenda yachitatu ndiyo imene idodometsa anthu ambiri, chonsecho ndi yotsika mtengo pochiza. Kompyuta iyaka, malemba oyera aoneka pa sikirini yakuda, koma siipitirira. Nthawi zina ipempha kuti munthu adine F1, ndipo tsiku ndi chaka zikhala zitabwerera m'mbuyo. Pa thabwa lalikulu lija pali kabatire kobulungira konga khobidi, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi ndi kusunga malangizo oyambira pamene makina azimitsidwa. Kamatha patapita zaka zingapo, ndipo kakatha kompyuta iiwala tsiku, nthawi zina niiwalanso kumene iyenera kukafuna Windows. Ogulitsa mawotchi ndi zamagetsi amakhala nako. Kalowa mbali yolembedwa + ikuyang'ana kumwamba.

Atasintha kabatire, munthu alowe mu BIOS podina batani lake msangamsanga makina akangoyaka: F2 pa Dell, F10 pa HP, Del pa ena ambiri. M'menemo akonze tsiku ndi nthawi. Asanyozere zimenezi, chifukwa kompyuta ya tsiku lolakwika ikanidwa ndi masamba ambiri a pa intaneti. Aonenso ngati hadi disiki ikutchulidwa m'ndandanda. Ngati siikuoneka, azimitse makina, nazule ndi kubwezera zingwe zake ziwiri. Fulashi yoiwalika pa doko nayonso ingathe kuimitsa kompyuta, pakuti makina ayesa kuyambira pa iyo, ingozulidwa basi.

Koma hadi disiki ikamalira kuti ke, ke, ke, mobwerezabwereza, imeneyo ili pafupi kufa, ndipo kuiyatsayatsa kungoifulumizitsa. Apa mwini makina achenjere ndi anyamata ena amene mankhwala ao pa nthenda iliyonse ndi kufomata. Kufomata n'kufufuta zonse. Mphunzitsi wovomera msanga adzalandira kompyuta yoyaka bwino, koma malikisi a chaka chonse atapita. Asanalole aliyense kuikamo Windows yatsopano, aumirire kuti disikiyo ilumikizidwe ku kompyuta ina ndi kuti zolemba zake zikoperedwe pa fulashi iye akuona.

Kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu 2020, ndipo chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 chinatha mu October 2025. Makina akale ambiri alibe mphamvu yonyamula Windows 11. Kwa oterewa ilipo Linux, imene ndi yaulere, ndipo mtundu wake wotchedwa Lubuntu ndi wopepuka. Ingathe kuyatsidwa kuchokera pa fulashi popanda kufufuta kanthu, kotero ithandizanso populumutsa zolemba m'kompyuta imene Windows yake yakana kutseguka.

Anthu a ku Phalombe adziwa madzi, kuyambira napolo wa mu March 1991 kufikira namondwe Freddy wa mu March 2023. Kompyuta imene yanyowa, kaya ndi madzi osefukira kaya ndi denga lodontha, isayatsidwe "kungoyesa" iai. Izulidwe ku magetsi, kabatire kachotsedwe, bokosi litsegulidwe, ndipo iikidwe pa mthunzi popita mphepo masiku angapo kufikira iumitsitse. Hadi disiki ichotsedwe pa tsiku loyamba lomwelo, ipukutidwe ndi nsalu youma, ndi kusungidwa payokha.