Musafulumire Kunena Kuti Mwana Ndi Wamanzere

Mwana akatola chidole ndi dzanja lamanzere kawiri katatu, pakhomo pamamveka kale kuti wabadwa wamanzere. Dikirani kaye, mayi. Nthawi zambiri dzanja limene mwana watambasula limadalira mmene wakhalira. Khanda lomwe langophunzira kukhala, pa miyezi pafupifupi 6, limatsamira dzanja limodzi pansi kuti lisagwe, n'kumatola zinthu ndi lotsalalo. Inunso mukanyamula mwana kumanzere mumatakasa phala ndi lamanja, koma mukamusinthira mbali ina, manja nawo amasinthana ntchito.

Kuti muone dzanja lomwe mwana amalikondadi, sipafunika ndalama. Mphasa, supuni ndi mphindi 10 patsiku kwa sabata imodzi n'zokwanira.

Yambani ndi kakhalidwe. Mukhazikeni pamphasa, pamalo osatsetsereka, msana utawongoka. Ngati akadapendekeka, pindani chitenje mumutchinjirize kumbuyo ndi m'mbali kuti manja onse awiri amasuke. Wamkulupo akhale pampando woti mapazi afike pansi, chifukwa miyendo ikamalendewera amagwirira mpando ndi dzanja limodzi.

Kenako ikani supuni patsogolo pake, molunjika mchombo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaika chinthu chakumbali, mwana n'kutola ndi dzanja loyandikira. Inunso khalani moyang'anizana naye. Bwerezani kangapo, nthawi zina ndi chitsononkho kapena kapu, ndipo sungani m'mutu dzanja lomwe layamba kutambasuka. Musamuyese atatopa kapena ali ndi njala.

Mukaona akusinthasintha manja, musade nkhawa. Ana ambiri amayamba kukondera dzanja limodzi pa zaka 2 kapena 3, ena mpaka nthawi yoyamba sukulu. Chofunika kusamala nacho ndi ichi: mwana wosakwana chaka akamagwiritsa dzanja limodzi lokha, linalo lili chifumbatire kapena lofooka, pitani naye kusikelo mukawauze azaumoyo. Mwina mbali imodzi ya thupi ili ndi vuto lofunika kulipeza msanga.

Zikadziwika kuti ndi wamanzeredi, mulandireni. Pa anthu 10 alionse, pafupifupi mmodzi amakhala wotero, ndipo si matenda. Mwambo wolandira chinthu ndi manja awiri komanso wodya nsima ndi lamanja muphunzitseni mofatsa, osamumenya dzanja. Koma pensulo musiyeni agwire ndi dzanja lake. Polemba, kope likhale chakumanzere kwa thupi lake, mutu wa kopelo utapendekera kumanja, kuti aziona zomwe akulemba popanda kupinda mkono. Kusukulu pemphani aphunzitsi amukhazike kumapeto a kumanzere kwa desiki, kuti chigongono chake chisamagundane ndi cha mnzake. Akakhala bwino chotere, sachedwa kuzolowera kulemba, ndipo satopa msanga.