PHUNZIRO LA SABATA INO: KODI NDI CHILUNGAMO BOMA KUTHANDIZA OLEPHERA KUBWEZA NGONGOLE YA NYUMBA?

Mawu oti tiwerenge: Nehemiya 5:1-13, Mateyo 18:23-35, Mateyo 20:1-16

Akhristu anzanga, sabata ino tiphunzira za chilungamo poona zimene zidachitika ku United States. Nkhaniyi ndi ya kutali, koma funso lake limatikhudza tonse amene tidakongolapo kapena kukongoza.

Zimene zidachitika

Chisanafike chaka cha 2007, mabanki a ku America ankapereka ngongole zogulira nyumba mosasamala, ngakhale kwa anthu amene malipiro awo anali ochepa. Nyumbayo ndiyo inali chikole. Ngongole zambiri zinkayamba ndi chiwongoladzanja chochepa, chimene chinkakwera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Mitengo ya nyumba itayamba kutsika, ambiri adapezeka ali ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba yawo. Ntchito zidatha, ndipo mabanja mamiliyoni adalandidwa nyumba.

Pa 15 September 2008 banki yaikulu ya Lehman Brothers idagwa. Mwezi wotsatira boma lidavomereza ndalama zokwana madola 700 biliyoni, makamaka zopulumutsira mabanki. Mu February 2009 Pulezidenti Barack Obama adalengeza ndondomeko yothandiza eni nyumba. Mbali ina ya ndondomekoyi, yotchedwa HAMP, inkatsitsa ndalama zobweza mwezi ndi mwezi kuti zisapitirire 31 peresenti ya malipiro a banja. Cholinga chinali kuthandiza mabanja pakati pa 3 ndi 4 miliyoni, koma amene adathandizidwa mpaka ndondomekoyi kutha mu 2016 anali ochepera pamenepo.

Madandaulo a otsutsa

Mwezi womwewo mtolankhani wa wailesi ya kanema ya CNBC, Rick Santelli, adadzudzula ndondomekoyi ali ku Chicago. Mfundo yake inali yakuti si bwino munthu kulipirira ngongole ya mnansi wake amene adagula nyumba yoposa msinkhu wake. Ambiri adamuvomereza.

Tisafulumire kuwanyoza. Ganizirani banja limene lidakhalabe pa lendi, likusunga ndalama pang'onopang'ono, chifukwa lidaona kuti ngongoleyo silingaikwanitse. Lero msonkho wake ukuthandiza amene sadasamale. Palinso mantha akuti boma likazolowera kupulumutsa anthu, mawa onse adzakongola mosaganiza. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika nayenso akuphunzitsa pa nambala 2410 ndi 2411 kuti mapangano olungama ayenera kusungidwa ndipo ngongole iyenera kubwezedwa. Wokongola amene angathe kubweza koma akuzemba, akuchimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri.

Chilungamo chili ndi mbali zingapo

Komabe nambala 2411 yomweyo ikusiyanitsa mitundu ya chilungamo. Pali chilungamo cha pakati pa anthu awiri ogwirizana, monga wokongola ndi wokongoza. Palinso chilungamo cha kagawidwe, chimene chimaona zimene dziko liyenera kuchitira nzika zake molingana ndi zimene amapereka komanso zosowa zawo. Otsutsa aja adaona mtundu woyamba wokha.

Tikayang'ana bwino, tipeza zinthu zitatu. Choyamba, mlandu sunali wa okongola okha. Amabanki ankadziwa bwino za ngongolezo kuposa makasitomala awo, ndipo mu 2012 mabanki akuluakulu asanu adavomera kulipira pafupifupi madola 25 biliyoni chifukwa cha zolakwika pa kalandidwe ka nyumba, kuphatikizapo kusainira zikalata osaziwerenga. Chachiwiri, ambiri mwa olephera kubweza sadali osasamala: adachotsedwa ntchito kapena adadwala. Chachitatu, nyumba ikalandidwa, amavutika ndi ana amene sadasaine pepala lililonse, ndipo nyumba zoyandikana nazo zimatsika mtengo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la mnzako likagwa, fumbi limafika kwanu.

Zimene Malembo akutiphunzitsa

Pa Nehemiya 5 tikumva za anthu amene pa nthawi ya njala adapereka minda, minda ya mphesa ndi nyumba zawo ngati chikole kuti apeze chakudya, ena kuti alipire msonkho wa mfumu. Nehemiya, amene anali bwanamkubwa, adakwiya, adasonkhanitsa akuluakulu, nawauza kuti abweze minda ndi nyumbazo. Taonani kuti amene adalowererapo anali wolamulira dziko. Pa Deuteronomo 24:6 chilamulo chidaletsanso kutenga mphero ngati chikole, chifukwa kutero n'kulanda moyo wa munthu. Wokongoza ali ndi ufulu, koma ufuluwo uli ndi malire.

Fanizo la pa Mateyo 18 likunena za wantchito amene adakhululukidwa ngongole ya matalente 10,000, koma iye adatsekeretsa mnzake chifukwa cha madinari 100. Banki imene yapulumutsidwa ndi msonkho wa anthu, kenaka nkumathamangitsa anthu omwewo m'nyumba zawo popanda kuwamvera, ikufanana ndi wantchito ameneyu.

Ndipo pa Mateyo 20, antchito olembedwa m'mawa adalandira zonse zimene adapangana. Chidawapweteka ndi chakuti olembedwa madzulo adalandiranso chimodzimodzi. Tizidzifunsa: kodi chikundiwawa n'chakuti ndalakwiridwa, kapena n'chakuti mnzanga wachitiridwa chifundo?

Thandizo lolungama ndi lotani?

Kuchokera pa zimenezi tingathe kuyeza thandizo lililonse la boma. Liyenera kufikira banja lokhala m'nyumbamo, osati wogula nyumba zambiri kuti achite nazo malonda. Wokongola apitirize kubweza zimene angathe, kuti ulemu wake ndi pangano zisungike. Wokongoza mosasamala asenzeko gawo la chitayiko, lisagwere okhoma msonkho okha. Ndipo osauka kwambiri, amene alibe n'komwe nyumba yawoyawo, asaiwalike. Pa mfundo yomalizayi otsutsa aja anali ndi chifukwa chomveka.

Ife Amalawi nkhani ya kukhululukidwa ngongole timaidziwa. Papa Yohane Paulo Wachiwiri adapempha kuti pa Jubile ya chaka cha 2000 ngongole za maiko osauka zichepetsedwe kapena kufafanizidwa, ndipo mu 2006 dziko lathu lidakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja. Amene adalandirapo chifundo chotere sayenera kuumira mtima pamene anzake akuchisowa.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Kodi pa banki nkhonde yathu timachita chiyani mnzathu akalephera kubweza chifukwa cha matenda kapena maliro?
2. Ngati ndili ndi nyumba za lendi, ndimamusiyanitsa bwanji wozemba dala ndi amene ntchito yamuthera?
3. Kodi pali ngongole imene ndingathe kubweza koma ndikuzengereza? Ndiyamba liti?
4. Kodi katapila ali ndi malo pakati pa akhristu?

Pemphero

Ambuye Mulungu, mudatikhululukira zochuluka. Tipatseni mtima wokhulupirika pobweza zimene tidakongola, ndi mtima wachifundo kwa amene atikongola. Unikirani atsogoleri kuti poweruza pakati pa olemera ndi osauka asaiwale ana osowa pogona. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.