PHUNZIRO: BOMA LIKATENGA NZERU ZA MWINI

Munthu amene alawirira ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, kapena cha ku Kabudula, kukalandira ma ARV, kawirikawiri sadziwa kuti mankhwalawo anayamba akhala pa mlandu waukulu. Mlanduwo ndi uwu: kodi Boma lingagwiritse ntchito nzeru za mwini popanda chilolezo chake? Ndipo likatero, lingaimbidwe mlandu?

1. Patenti nchiyani?

Munthu akatulukira chinthu chatsopano, monga mankhwala kapena makina, Boma limpatsa kalata yotchedwa patenti. Kalatayo iletsa ena onse kupanga kapena kugulitsa chinthucho kwa nthawi yoikika, imene m'maiko ambiri ndi zaka 20. Wophwanya lamuloli atengeredwa ku bwalo la milandu, aletsedwa, nalipiritsidwa.

2. Nanga wophwanyayo akakhala Boma?

Kale ku England kunali mwambo wakuti mfumu siilakwa, choncho siizengedwa mlandu. M'chaka cha 1865 munthu wina, dzina lake Feather, anadandaula kuti Boma latenga nzeru zake za kamangidwe ka zombo. Koma oweruza anagamula kuti patenti siimanga mfumu, ndipo iye anabwerera manja ali m'khosi. Aphungu ataona kuti chilungamo chaperewera, anakonza lamulo m'chaka cha 1883: Boma lingagwiritse ntchito nzeru za mwini pa ntchito zake, koma liyenera kumlipira. Ku America nako, lamulo la 1910 linatsegulira mwini patenti khomo lakuti akasumire Boma ndi kulandira malipiro, ngakhale sangathe kuliletsa. Lamulo la mapatenti la 1957, limene dziko lino linalandira m'nthawi ya Chitaganya, linatsata njira yomweyo.

3. Mphamvuyi inathandiza bwanji odwala?

Pofika chaka cha 2000, mankhwala a munthu mmodzi wodwala Edzi ankagulidwa ndi madola oposa 10,000 pa chaka. Mlimi wa fodya wa ku Nsaru akanazipeza kuti ndalama zotere? M'chaka cha 2001 kampani ya Cipla ya ku India inalonjeza mankhwala ofanana nawo pa madola 350. Chaka chomwecho maiko anasonkhana ku Doha, nagwirizana kuti malamulo a patenti asatsekereze maboma kuteteza miyoyo ya anthu awo.

Maiko oyandikana ndi Malawi sanachedwe. Zimbabwe inalengeza m'chaka cha 2002 kuti Edzi ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo m'chaka cha 2003 inaloleza kampani ya Varichem kupanga mankhwalawo. Zambia inapereka chilolezo chotere kwa kampani ya Pharco m'chaka cha 2004, koma inaikapo lamulo lakuti eni patenti angalandire mpaka K2.50 pa K100 iliyonse ya malonda. Chaka chomwecho Malawi anayamba kugawa ma ARV mwaulere, ambiri a iwo ochokera ku India.

4. Chofunika kuchisunga

Msewu ukamadutsa m'munda wa munthu, mwini munda sangauimitse, pakuti ngwothandiza onse. Koma ayenera kulandira chipukutamisozi. Chimodzimodzinso ndi patenti. Mwini nzeru akaloledwa kuletsa Boma pa nthawi ya mliri, amphawi afa mankhwala ali m'nkhokwe. Boma nalonso likatenga osalipira, ofufuza agwa mphwayi, ndipo mankhwala a mawa sapezeka. Nchifukwa chake malamulo apatsa Boma mphamvu yotenga, koma salikhululukira ngongole.

Mafunso okambirana pa limana

(a) Kodi chinamlepheretsa Feather nchiyani?
(b) Boma likatenga munda kapena nzeru za munthu, malipiro oyenera angayesedwe bwanji?
(c) Ndani ayenera kulankhulira wodwala amene sangathe kupita ku bwalo la milandu?