Zomwe Haiku Inandiphunzitsa Pojambula Agogo Anga

Pa tchuthi cha m'nyengo yozizira ndinayesa katatu kujambula pamanja chithunzi cha agogo anga aakazi, ndipo katatu konseko ndinalephera. Nkhope inkafanana ndithu, koma aliyense woona ankangoti, "Wayesetsa," n'kuyamba nkhani zina. Zinkandipweteka chifukwa agogowo akalamba kwambiri, ndipo chithunzi chawo chomwe tili nacho pabanja pathu ndi cha pachiphaso chokha, chomwe anajambulitsa atalimbitsa nkhope ngati ali pabwalo la milandu. M'nkhani ino ndifotokoza momwe ndakatulo za ku Japan zotchedwa haiku zinandithandizira kuona pomwe ndinkalakwitsa.

Haiku ndi ndakatulo yaifupi kwambiri. Mwachizolowezi imakhala ndi maphatikizo 17 ogawidwa patatu: 5, 7 ndi 5. Kuti timvetse kuchepa kwa malo amenewa, tiganizire kuti m'Chichewa liwu limodzi loti "ndikanakuuzani" limatha mzere wapakati wonse lokha. Komabe kuwerenga maphatikizo si ndiye mtima wa haiku. Pali zinthu zina ziwiri. Choyamba ndi kigo, liwu losonyeza nyengo ya pachaka, monga momwe ife tingatchulire ngumbi, womva n'kudziwa kuti mvula yayamba. Chachiwiri ndi kireji, liwu lodula ndakatulo pawiri kuti zithunzi ziwiri ziime moyandikana popanda mlakatuli kunena chomwe chikuzilumikiza. Ntchito yolumikizayo imasiyidwira wowerenga.

Ku Japan, ubale wa haiku ndi zojambula ndi wakale. Yosa Buson, yemwe anabadwa mu 1716 n'kumwalira mu 1784, anali mlakatuli komanso katswiri wojambula, ndipo ankadziwika ndi haiga, zomwe ndi zithunzi zopepuka zojambulidwa ndi burashi pambali pa ndakatulo. Iyeyu anajambulanso zithunzi za buku la Oku no Hosomichi, momwe Matsuo Bashō anafotokoza ulendo wake wa mu 1689. Zithunzizi n'zomwe zinanditsekula maso. Anthu ake amapangidwa ndi mizere yowerengeka chabe, kumbuyo kwawo nthawi zambiri kulibe chilichonse, koma umadziwa kuti uyu watopa, uyu akutsanzikana ndi mnzake. Patapita zaka zoposa 100, Masaoka Shiki analimbikitsa njira yotchedwa shasei, yolemba chomwe maso akuona pamaso pako, ndipo ganizoli analitenga kwa anzake ojambula. Mu 1902, chaka chomwe anamwalira ndi chifuwa chachikulu, ankajambula zipatso ndi maluwa ali chigonere pa mphasa yake.

Nditabwerera ku zithunzi zanga zitatu zija, vuto linaonekeratu. Ndinaikamo nkhokwe, nkhuku, mtengo wa mango, njinga ya amalume ndi khwinya lililonse la pankhope. Ndinkafuna kuti woona adziwe kuti ndimatha kujambula, ndiye agogo anasokonekera pakati pa katundu. Cholakwika china chinali choti ndinkawapempha kuti akhale chete andiyang'ane. Munthu wouzidwa kuti akujambulidwa amavala nkhope ya alendo.

Ulendo wachinayi ndinatha mamawa angapo osagwira pepala, ndikungoyang'ana. Agogo amakonda kukhala pakhonde kuwothera dzuwa, lichero la mtedza lili pamiyendo. Ndinaona kuti akaswa mtedza kwa kanthawi, manja amaima okha, khoko lili pakati pa zala, maso n'kupita kunjira yotsikira kudimba. Zimatenga kamphindi kochepa, kenaka amapitiriza. Kamphindi kameneko ndi komwe ndinasankha, poti haiku nayo sifotokoza tsiku lonse.

Kigo wanga sindinamufune m'mitengo kapena m'mitambo. Ndinamupeza m'thupi mwa agogo momwemo: chitenje chofundidwa kuyambira kumutu, mapewa okwezeka chifukwa cha chisanu, ndi mtedza wongokolola kumene. Aliyense wa kwathu akaona zimenezi amadziwa kuti uno ndi mwezi wa Juni popanda womuuza. Apa ndi pomwe ndikuganiza kuti wojambula anthu angapindule kwambiri, chifukwa nyengo ikaonekera m'kakhalidwe ka thupi, munthuyo amakhala wa malo ake ndi nthawi yake, ndipo sipafunikanso kudzaza kumbuyo kwake ndi zokongoletsa.

Kudula kunandivuta koposa. Ndinaika agogo kumanzere m'munsi mwa pepala, ndipo pafupifupi theka lonse la kumanja ndinalisiya loyera. Manja oima aja ndi chithunzi choyamba, malo opanda kanthu komwe maso akupita ndi chachiwiri. Kangapo konse dzanja linkandiyabwa kuti ndiikepo kamtengo kapena kanjira, poopa kuti anthu ati ntchito ndaisiyira panjira. Ndinagwiritsa ntchito makala a pambaula, ndipo chitenje ndinachidetsa pang'ono ndi madzi a tiyi wopanda mkaka. Nkhope ndinangoionetsa chammbali, mizere inayi kapena isanu, koma manja ndinawapatsa nthawi yokwanira, mpaka mitsempha ndi chala chopindika chija.

Ndivomere kuti poyamba ndinadziikira lamulo loti chithunzi chonse chikhale ndi mizere 17 yokha. Zinali zachibwana. Chomwe chinatuluka chinali ngati chizindikiro cha pamsewu, ndipo ndinachitaya. Ndivomerenso kuti zithunzi zitatu zolephereka zija sizinapite pachabe. Ndikanapanda kujambula khwinya lililonse kale, sindikanadziwa awiri omwe akunyamula nkhope ya agogo, oyenera kutsala ena onse atachotsedwa.

Nditamaliza ndinawapatsira pepalalo ndi manja awiri. Analiyandikiza kumaso, popeza saonanso bwino, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga mbali inoyi, mwanawe, makala anakuthera?"

"Ayi agogo, kumeneko n'komwe inu mumayang'ana."

Anakhala chete. Kenaka anandiuza kuti njira imeneyo ndi yomwe malemu agogo aamuna ankatulukira pochokera kudimba, khasu lili paphewa, dzuwa likafika pomwe linali nthawi imeneyo. Ine sindinkadziwa. Anandibwezera pepala lija n'kuti ndikalipachike m'nyumba, osati pakhonde, lingadzavumbwe mvula ikayamba.