Mafunso ndi Mayankho: Rediyeta Yopendekera

Kalata yoyamba yachokera m'dera la Mfumu Zingalume ku Chadiza.

"Canter yanga ndinaiika rediyeta ya lole ina. Poti inatalika, tinaipendeketsa kuti ikwane. Tsopano ndikanyamula chimanga kupita ku Chipata, pachitunda madzi amawira. Chalakwika n'chiyani?"

Pepani bambo, koma musathamangire kugula ina. Mphepo ili ngati madzi a mvula m'munda, imatsata poyera. Rediyeta ikaima chilili, mphepo imaboola timipata take mosavuta. Mukaipendeketsa, imangotsetsereka pamwamba n'kuthawira m'mipata ya m'mbali. Pachitunda galimoto imayenda pang'onopang'ono, ndiye ntchito yonse imatsalira fani. Ngati fani yatalikirana ndi rediyeta, kapena munachotsa chigoba choizungulira, ikungopukusa mpweya wotentha wa pa injini. Tsekani mipatayo ndi malata ndi mphira, bwezerani chigobacho, ndipo chotsekera cha rediyeta chikhale pamwamba pa zonse kuti mpweya usatsekeredwe m'mapaipi. Chotsekeracho chikhalenso cholimba. Kunyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma kumtunda ngati kwathu kuno amawira asanafike pamenepo, ndipo chimene chimawagwira kuti asawire msanga ndi mphamvu ya chotsekeracho.

Yachiwiri walemba mnyamata wa sukulu wa pa boma.

"Ndinaona pa TV kuti magalimoto a Formula 1 ali ndi marediyeta opendekera. Bwanji iwo sawira?"

Wafunsa bwino, mwana wanga. Iwo amapendeketsa dala, kuti rediyeta yaikulu ikwane m'galimoto yamphumi yaing'ono. Mphepo imakankha galimoto kubwerera m'mbuyo, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, kukankhako kumawirikiza kanayi. Mphepo yolowa mu rediyeta nayonso imachedwetsa galimoto. Choncho amaimangira ngalande: polowera pang'ono, mkati motakasuka kuti ichepetse liwiro ndi kukhota bwino, kenako potulukira. Palibe imene imasochera. Bambo a Canter aja anatengera kupendekako, ngalande n'kuisiya.

Mawu anga omaliza ndi awa, abale. Dzuwa la Okutobala silichitira injini chisoni. Tsukani timipata ta rediyeta, muchotse fumbi ndi njere za udzu, madzi muziwathira kuchokera kumbuyo. Ndipo chonde, injini ikawira musatsegule chotsekera. Khalani pamthunzi, izizire kaye. Injini imagulidwa, nkhope siigulidwa.