Cithokomiro Cikafooka: Mudye Ciani, Mumwe Ciani?

Kutsogolo kwa khosi, pansi pa kholingo, kuli kaciwalo kochedwa cithokomiro. Kameneka kamatulutsa mahomoni amene amathandiza thupi kusandutsa cakudya kukhala mphamvu. Kakafooka, munthu amangokhala wotopa, amamva mphepo ngakhale mu Okutobala, amanenepa osadya kwambiri, khungu limauma, tsitsi limathothoka ndipo amadzimbidwa. Matendawa amagwira kwambiri azimai. Amadziwika popima magazi, kupima kochedwa TSH, ndipo a ku kiliniki akhoza kukutumizani ku cipatala cacikulu ca Kabwe kuti mukapimidwe.

Awerengi athu a ku Mukobeko ndi m'makomboni ena, dziwani kuti palibe cakudya kapena cakumwa cimene cimaciritsa matendawa. Cimene cimathandiza ndi kapilisi ka levothyroxine, kamene ambiri amamwa moyo wao wonse. Koma cakudya cikhoza kulepheretsa kapilisi kameneka kugwira nchito.

Imwani kapilisi m'mawa mukangodzuka, m'mimba muli mopanda kanthu, ndi madzi okha. Dikirani mphindi 30 mpaka 60 musanadye. Kumwera pilisi ndi kofi, tiyi wamkaka, maheu kapena phala la soya ndi kutaya mankhwala, cifukwa ena a iwo sadzalowa m'magazi. Amai apakati amvetsetse apa. Mapilisi oonjezera magazi amene amalandira ku sikelo amagwira levothyroxine m'matumbo. Cimodzimodzi mapilisi a kashiamu ndi mankhwala oyera aja a cilungulira. Pakati pa mankhwala amenewa ndi kapilisi ka cithokomiro pazipita maola 4. Ndipo mukangozindikira kuti mwaima, auzeni adokotala msanga, cifukwa kawirikawiri mlingo wa mankhwala umafunika kukwezedwa kuti mwana akule bwino ubongo.

Nanga masoya pisi, amene ndiwo ndiwo za mabanja ambiri mwezi ukafika pakati? Musawasiye. Idyani pa nsima ya masana kapena ya madzulo, kutali ndi nthawi ya pilisi. Repu ndi kabici zophika zilibe vuto, ngakhale ena amaopseza nazo anzao. Cinangwa cowawa ndico cofunika kuciviika ndi kuciumitsa bwino, cifukwa cosakonzedwa bwino cimalepheretsa cithokomiro kulandira ayodini.

Dziko lathu lilibe nyanja ya mcere. Nsomba za ku Lukanga ndi kapenta ndi zabwino m'thupi, koma ayodini wake ndi wocepa poyerekeza ndi nsomba za m'nyanja zikuluzikulu. Ndico cifukwa cake lamulo loika ayodini mu mcere linakhazikitsidwa mu 1978 ndi kulimbitsidwa mu 1994. Gulani mcere wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo muusunge m'cotengera cotseka, kutali ndi mbaula. Mcere wopimidwa pa mulu ku msika sudziwika kumene wacokera. Komabe musaonjezere mcere m'ndiwo poganiza kuti mukudziciritsa. Anthu ambiri cithokomiro cao cimafooka cifukwa citetezo ca thupi lao lomwe cimacimenya, ndipo mcere sungathetse zimenezo. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi.

Tsono tibwere ku zoziziritsa kukhosi za pa kantemba. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8. Munthu wa cithokomiro cofooka amanenepa msanga kale, ndiye botolo limodzi tsiku lililonse likungomuitanira matenda a shuga ndi BP. Ena amamwa zakumwa zopatsa mphamvu kuti kutopa kuthe. Kumatha kwa ola limodzi kapena awiri, kenaka mtima umathamanga ndipo usiku tulo sitibwera. Maheu a m'sitolo naonso ali ndi shuga. Munkoyo kapena cibwantu ca pakhomo ndi cabwinopo, pokhapo ngati dzanja sililemera pothira shuga. Madzi owiritsa ndiwo amathandiza pa kudzimbidwa, pamodzi ndi nyemba, cibwabwa, mapapaya ndi nsima ya mgaiwa.

Ngati mwamwa mankhwala kwa milungu 6 mpaka 8 ndipo kutopa sikukusintha, bwererani mukapimitsenso magazi. Musadzionjezere mapilisi nokha.